Chilolezo cha Nyimbo ya Alamu

Ndinasiya koleji chaka chachiwiri chisanathe. Kwathu amati koleji inanditaya, koma ine ndimati tinasiyana mwamtendere, aliyense n'kutenga zake. Iyo inatsala ndi satifiketi, ine ndinabwera ndi chikwama, bulangete ndi mawu angapo a Chingerezi oopsezera anthu. Ndinkaphunzira utolankhani. Nditabwerera ku Katete ndinapeza kamalo pakhonde la shopu ina pamsika, pakati pa mayi wogulitsa mazira owiritsa ndi bambo wosoka nsapato, n'kuyamba ntchito yothira nyimbo m'mafoni a anthu. Munthu ankabwera, n'kutchula woyimba amene akufuna, ine n'kuthira. Oyimbawo sindinaonanepo nawo, iwonso sanabwerepo kudzandifunsa, choncho ubale wathu unali wabwino.

Tsiku lina kunabwera mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi kusekondale. Iye zake anamaliza, ndipo anali mphunzitsi pasukulu ina m'tauni momwemo. Anali ndi kagulu ka ana a sukulu kopanga podikasiti, ndiye kuti mapulogalamu a mawu okhaokha onga a pawailesi, koma oika pa intaneti kuti munthu amvere nthawi imene wafuna. Anawo ankafunsa anthu za zitsime zouma, za atsikana osiya sukulu, za ogula mtedza obera pasikelo. Pulogalamu yawo yoyamba inangokhala pa intaneti pang'ono n'kuchotsedwa, ndi uthenga wakuti nyimbo yotsegulira ili ndi mwini wake.

"Iwe, nyimbo ija unatipatsa ndiwe," anatero ataima pamaso pa makasitomala anga. "Manje tizachita bwanji? Ana alila."

"Madamu, ndinakupatsani kuti mumvere, osati muulutse. Wosula mpeni sayankha mlandu wa mbuzi yobedwa."

"Osaniuza miyambi. Si unaphunzila vamene ivi ku koleji?"

Ndinaphunziradi. Phunziro la malamulo a zofalitsa nkhani ndi lokhalo limene sindinkagonamo, chifukwa chipinda chake chinali chozizira. Choncho ndinavala malaya a kolala n'kukaima pamaso pa anawo, ine wakuba nyimbo wamkulu wa pamsika, kuwaphunzitsa kuti nyimbo ili ndi mwini, ndipo sutenga osapempha. Ndinawasonyeza malo a pa intaneti kumene oyimba ena amaika nyimbo zawo mwaulere, bola uwatchule kumapeto. Tinamvera zambirimbiri mpaka bandulo ya intaneti ya madamu inatha. Zonse zinali piyano zozizira ndi timaseche tomvekera patali. Mtsikana wina anati zikumveka ngati ukamadikira pafoni kuti a netiweki akuyankhe. Mnzake anati ndi zotsatsira matilesi. Panalibe imene ukanaika patsogolo pa nkhani ya sikelo yobera mtedza popanda alimi kuganiza kuti ukuwaseka.

"Chabwino ni kupeza munthu wa kuno kwamene," anatero madamu, "wamene anapanga nyimbo yekha. Avomele na pakamwa pake, tijambule kuvomela kwake, basi."

Ndipamene ndinakumbukira alamu.

Alamu anga, amuna a asisi anga aakulu, anali a ku Vubwi, koma ankakhala chikamwini kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda, monga mwa mwambo wathu kuti mwamuna amatsata mkazi. Ankalima thonje ndi kuseka. Anali ndi banjo yopanga okha, ya chitini cha mafuta ophikira, chikopa cha mbuzi ndi mawaya amene anachotsa ku mabuleki a njinga yawo. Nyimbo yawo yotchuka, yotchuka kuyambira pakhonde mpaka pakhola, inali yonena za njinga yomweyo. Ankayimba kuti njinga yanga ilibe buleki, buleki wake ndi uyu akulirayu, mukandiona pamtsetse patukani. Ndinaijambula masana ena a Sabata, pongofuna kuyesa ngati foni yanga yatsopano ikugwira bwino mawu.

Sanafe ndi njinga, monga amaganizira aliyense ndikafika pamenepa. Anadwala m'dzinja, mutu ndi kutentha thupi, anapita nawo kuchipatala pangolo, ndipo sanabwereko. Maliro anakaikidwa kwawo ku Vubwi. Anasiya mwana wamkazi wongoyamba kuyenda. Pambuyo pake abale awo anabwera kudzatenga katundu wa malemu: njinga, khasu, sipuleya ya thonje, mathalauza, banjo. Sanachite chipongwe ayi, mbuzi ndi chimanga anasiyira mwana. Chimene chinatsala chinali kusudzula, mwambo umene abale a mwamuna amamasula nawo wamasiye kuti akhale mfulu, akwatiwe ngati afuna. Anati adzabwera akakolola. Kufikira nthawi imeneyo asisi anali m'manja mwawo, ndipo ine, pokhala mlongo wawo yekhayo wamwamuna, ndinali nkhoswe, woimira banja pa nkhani zonse za ukwati wawo. Banja lathu linalibe wina woti lisankhe.

Nyimbo ija ndinali nditawathirira asisi pa kamemore khadi maliro atangotha. Ankaimvera motsitsa, foni ataimangirira pansonga ya chitenje, akuswa mtedza kuseri kwa nyumba. Chithunzi cha alamu chinalipo chimodzi chokha, cha pachitupa, ndipo pamenepo akuoneka ngati munthu wogwidwa m'munda mwa eni. Munthu weniweniyo anali m'nyimboyo. Pakati pake pamamveka asisi akukalipa chapatali kuti phokoso lithe, mbuzi zalowa m'dimba, ndipo alamu amaseka osaleka kuliza banjo. Chimenecho ndicho chimene asisi anatsala nacho cha amuna awo, ndipo sichinkadya, sichinkafuna khola.

Nditawalizira nyimboyo ana a sukulu aja, onse anayamba kumenya madesiki. Madamu anaikopera pa laputopu ya sukulu pomwepo.

"Iyi ndiye yamene. Mwine wake ali kuti?"

"Ali kumanda, ku Vubwi."

"Aa, sole. Manje ndani azavomela?"

Ndinafotokoza, ndi ulemerero wonse wa munthu wosamaliza koleji, kuti umwini wa nyimbo sufa ndi woyimba, umapita kwa otsala. Ndikanangonena kuti alamu anandilola kalekale, nkhani ikanathera pomwepo, pakuti palibe kompyuta imene ikanazindikira banjo ya chitini. Koma anawo ankandiyang'ana ngati loya, ndipo chibwerereni ku Katete panalibe amene anandiyang'anapo choncho.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Sinda, n'kutsika pamphambano, n'kuyenda pansi mpaka kumudzi. Ndinawapeza asisi akusankha thonje pamphasa, mwana akudya dothi pambali. Ndinakhala pa mtondo wogona n'kuyamba mlandu wanga.

"Asisi, lamulo la boma limati za mwamuna zimatsalira mkazi ndi ana. Inu mungonena kuti inde, ine ndijambule, nyimbo ya alamu imveke dziko lonse."

"Bomalo linali kuti tsiku lija njinga inkakwezedwa pangolo?"

"Linali m'buku."

"Likhale momwemo." Anachotsa kachitsotso pathonje n'kutaya. "Iwe, ine ndikali m'manja mwa eni ake. Akamve mawu a mwana wawo akutuluka m'foni ya munthu pamsika, adzati ndamugulitsa. Sindingavomereze chinthu cha malemu. Ngati ukufuna, kawafunse okha."

Masiku ano ndimaganiza kuti ananena choncho podziwa kuti sindipita, popeza mbiri yanga yosamaliza zinthu inali yodziwika mpaka kutchalitchi. Koma munthu aliyense ali ndi chinthu chimodzi chimene amamaliza, ndipo changa chinali ichi.

Ulendo wa ku Vubwi si wa munthu wochepa mnofu kumatako. Ndinadzera ku Chadiza, kenaka njinga yamoto, fumbi, mapiri, ndi woyendetsa amene ankalankhula ndi ine atatembenuka. Ndinafika masana. Atsibweni a malemu, mlongo wa amayi awo, amene ndiwo ankayankhula m'malo mwa banja, ndinawapeza akuluka nkhokwe pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa Chichewa chonga cha kutsidya kwa malire. Anasiya nsungwi n'kundilandira ndi manja awiri.

"Takulandirani, ankhoswe. Kodi n'kwabwino? Ife timati titumize uthenga mwezi ukatha."

Ankayesa ndabwera kudzakambirana tsiku la kusudzula. Anatuma mtsikana kukagwira nkhuku. Ndinamwa madzi, ndinapereka malonje a kumudzi, za mvula, za thonje, za mwana kuti wayamba kuitana mbuzi. Kenaka ndinakonza kolala n'kuyamba phunziro langa lija, lomwe ndinapatsa ana a sukulu, ndi mawu a Chingerezi awiri oonjezera. Iwo ankamvetsera akugwedeza mutu, monga amachitira akuluakulu ukamawauza zinthu zopanda pake mwaulemu.

"Nyimbo yake iti, ankhoswe?"

Ndinatulutsa foni, ndinakweza mawu mpaka kumapeto, ndipo ndinadina.

Sindinadziwe kuti amayi a alamu anali kuseri kwa nyumba akupeta chimanga. Banjo itangolira ndinamva lichero likugwa. Alamu atayamba kuyimba, mayiwo anatulukira pakona akuthamanga, ufa uli m'manja, akuyang'ana uku ndi uku pabwalo, n'kuitana dzina la ubwana la mwana wawo. Anayang'ana kunjira. Anayang'ana kukhola. Kenaka anaona foni ili m'dzanja langa, ndipo anakhala pansi pomwepo, miyendo atatambasula, n'kuyamba kulira maliro.

Kumudzi kulira kotero kuli ndi tanthauzo limodzi. Amayi a nyumba zoyandikana anayamba kufika akumanga zitenje, abambo atavula zisoti, ena akulira kale asanafunse kuti wafa ndani. Ine ndinaima pakati pa bwalo, dzanja lili m'mwamba, osadziwa ngati kuzimitsa n'kumene kuli ulemu kapena kusiya. Ndipo alamu anapitiriza kuchenjeza anthu onsewo kuti apatuke pamtsetse. Kenaka anamveka asisi akukalipa za mbuzi, alamu n'kuseka. Kuseka kumeneko kutamveka, ngakhale atsibweni anatembenukira kunkhokwe.

"Bwerezani," anatero mayiwo nyimbo itatha. Ndinabwereza. "Bwerezaninso." Ndinabwereza mpaka foni inatentha n'kuzima yokha.

Anthu atabalalika, nkhuku itadyedwa mopanda kukoma, atsibweni ananditengera pambali. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza.

"Ankhoswe, tsiku lija tinkatenga katundu tinafunsa pamaso pa anthu, kodi palibe chatsala? Alongo anu anati palibe. Inu munalipo."

"Abambo, ameneyu si katundu. Ndi mawu chabe."

"Mwayenda ulendo wonsewu kudzatiuza kuti ili ndi mwini. Chokhala ndi mwini ndi chiyani, ngati si katundu?"

Ndinayesa njira ina, ya ntchito yanga.

"Palibe vuto, abambo. Ndikuthirirani yanu. Amayi akhale ndi yawo, asisi yawo, sukulu yawo. Iyi sikutha, ngakhale muigawe bwanji."

"Ndiye akhala angati?" Anandiyang'ana ngati ndanena zonyansa. "Munthu sagona manda awiri, ankhoswe. Mwana wathu tinamuika kuno. Njinga yake ili kuno. Lero tikumva kuti pakamwa pake panatsala kuchikamwini, akuyimba kuseri kwa nyumba, mayi ake osadziwa. Nanga tikamasula mkaziyo, akakwatiwa, mwana wathu azikawayimbira m'nyumba ya mwamuna wina? Ayi. Mawuwo abwere kwa mayi ake, kwina konse afafanizidwe. Tikatero timasula."

"Nanga ana a sukulu?"

"Alibe pakamwa? Ayimbe okha."

Ndinabwerera ndi yankho lomveka bwino, lochokera kwa eni ake, monga lamulo lifunira. Nditawauza asisi, sanandikalipire. Anali akutsuka mwana m'beseni, ndipo anapitiriza kutsuka mkono umodzi womwewo mpaka mwanayo anayamba kudandaula.

"Unapitadi," anatero. Sanali kufunsa.

Ndinawauza kuti pali njira. Memore khadi ndi kanthu kakang'ono, ndikhoza kugula kena, kuthiramo, iwo n'kubisa m'denga. Asisi anatulutsa mwana m'beseni.

"A ku Vubwi anandifunsa kamodzi, ndinayankha zoona, ndipo lero ndine wobisa za malemu. Ukufuna ulendo uno ndiname zenizeni? Mwanayu akadzadwala adzati n'chiyani?"

A ku Vubwi anabwera chimanga chitalowa m'nkhokwe. Anafika m'mawa, atsibweni, amayi a malemu, ndi msuweni wawo wina wamkazi wochita malonda a zitenje pamalire, amene anamutenga chifukwa ankadziwa mafoni. Kunaphikidwa thobwa. Tinakhala pamphasa pansi pa mthunzi, iwo uko, ife kuno, ine patsogolo monga nkhoswe, m'malaya a kolala omwe aja, popeza ena ndinalibe.

Ndinkayembekeza kuti asisi apempha kumvera komaliza. Sanapemphe. Anamasula foni pachitenje, anatsegula kumbuyo, anachotsa batire, n'kukankha kamemore khadi ndi pini ya pabulauzi. Kanagwera pamphasa. Anthu onse tinawerama kukafuna, chifukwa kanali kochepa kuposa chikhadabo, ndipo kanalowa pampata wa mabango. Anakapeza ndi amayi a malemu. Anakakulunga m'pepala la shuga, n'kumanga pansonga ya chitenje chawo.

Kenaka inali nthawi ya foni yanga. Ndinafufuta pamaso pa onse. Msuweni uja anaitenga, anafufuza m'mafoda, anapeza ndi malo amene zofufutidwa zimakagona, anakhuthulanso mmenemo. Anali waluso. Pakanakhala tsiku lina ndikanamulemba ntchito.

"Ankhoswe," anatero atsibweni, "tifunsenso pamaso pa anthu. Palibenso kwina?"

Kunali laputopu ya sukulu. Ku Vubwi sindinaitchule, ndipo panalibe aliyense pamphasa yawo amene akanaidziwa. Ndinatsegula pakamwa ndisanasankhe chonena. Ndine munthu wokhoza kunama ndi nkhope yowongoka, ndi mphatso yokhayo imene sinandisiye.

"Ili kusukulu, ku Katete," anatero asisi, maso ali pansi. "Afafaniza mawa."

Atsibweni anagwedeza mutu. Anayankhula mawu a mwambo, osathamanga. Anati mwana wawo anasungidwa bwino pamudzi pano, anadya, anavala, anadwazikidwa, ndipo palibe mangawa. Anati kuyambira lero mayiyu ndi mfulu, wobwera kudzafunsira asaope, ndipo mdzukulu wawo ndi wawo ndithu, azibwera naye. Azimayi a pamudzi anaimba nthungululu mofooka. Amayi a malemu anakumbatira asisi, ndipo awiriwo analira pamodzi, wina akugwira pansonga ya chitenje chake, wina manja ali chabe.

M'mawa mwake ndisanatsegule n'komwe pamsika, asisi anandiimbira pafoni.

"Wafafaniza?"

"Sukulu sinatsegule."

"Ukafafaniza undiuze."

Madamu anandilowetsa m'chipinda cha aphunzitsi n'kuika laputopu patebulo. Nkhani yonse anali ataimva.

"Iwe, palibe wamene azaziba. Tiisunge chabe, sitizaika pa intaneti. Mwana uja akakula azafuna kumvela."

"Ndikudziwa."

"Manje?"

Ndinadina. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Pa nkhani yonseyi ndiyo yokha imene inandifunsa funso limenelo. Ndinatsimikiza, ndinakhuthula ndi kumene zofufutidwa zimakagona, kenaka ndinatuluka panja kukaimba foni. Asisi anati, "Chabwino," n'kudula.

Podikasiti inatuluka ndi piyano ya matilesi. Kumapeto kwa pulogalamu iliyonse mtsikana wina ankathokoza mwini wake, munthu wa dziko lakutali amene dzina lake ankalitchula mosiyana sabata iliyonse. Sinachotsedwenso. Zonse zinali m'malo mwake, ndipo madamu anandiuza kuti ndinawathandiza kwambiri.

Anthu a ku Vubwi obwera kudzagula katundu ku Katete amandiuza kuti foni ya amayi aja ndi yakale, yopanda polowetsa memore khadi, ndipo sakhulupirira munthu wina aliyense kuti agwire kakhadi kaja. Akuti kali m'sutikesi, m'pepala lake la shuga, pamodzi ndi mathalauza. Asisi sanakwatiwebe. Anabwerapo awiri kudzafunsira kwa ine monga nkhoswe, ndinawalandira mwaulemu, asisi anawakana.

Mwana uja tsopano amayankhula mosalekeza. Chaka chatha ndinapita kumudzi kukathandiza kukolola mtedza, ndipo tili pamphasa tikuthothola, anasiya chidole chake cha chitsononkho n'kufunsa ngati bambo ake anali ndi mawu aakulu kapena aang'ono.

"Aakulu," anatero asisi.

"Aang'ono," ndinatero ine nthawi yomweyo.

Tinayang'anana. Asisi anati aakulu ndithu, ankamveka mpaka kudimba. Ine ndinati kumveka patali ndi nkhani ina, koma poyimba ankakwera ngati mzimayi wa kwaya. Anati ndikunama. Ndinati mwina. Mwanayo anayang'ana amayi ake, anayang'ana ine, kenaka anatola chidole chake n'kupita kukasewera.